Mmene mungaonere mafilimu oopsa mpaka kumapeto: yambirani pa buku

Kuno ku Mangochi kuli anthu ambiri amene anayesa filimu yoopsa kamodzi kokha n'kulumbira kuti sadzabwerezanso. Kawirikawiri zimayenda chonchi: munthu wapita kwa anyamata oika mafilimu pamsika, wati "mundiikireko yoopsa", iwo amuponyera yomwe ili pamwamba, yamagazi kuyambira mphindi yoyamba. Usiku walowa m'neti ndi foni, mahedifoni m'makutu, nyale wazimitsa. Lisanathe theka la ola waimitsa kale, ndipo akungotembenuka pamphasa mpaka kumzikiti aitana swala ya m'bandakucha.

Si kuti munthuyo ndi wamantha kuposa anzake, koma analowera khomo lolakwika. Mafilimu oopsa abwino ambiri anachokera m'mabuku, ndipo buku limakupatsani zinthu zimene filimu singakupatseni. Mukaopa mumalitseka, n'kudzalitsegulanso mtima utakhala pansi. Anthu a m'nkhaniyo mumawadziwa bwino zoopsa zisanawagwere. Ndiye pofika pa filimu mumakhala mukudziwa kumene nkhani ikulowera, ndipo mantha amakhala oti mungathe kuwanyamula n'kusangalala nawo. Mwana wa kunyanja saphunzirira kusambira pakuya, amayambira pomwe madzi amalekeza m'mawondo.

## Zofunika kukhala nazo

- Buku limodzi lokha, la pepala kapena la pafoni. Mabuku akale monga Dracula ndi Frankenstein ali pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg mwaulere komanso movomerezeka, ndipo sadya bandulo. Atsopanowa afunseni ku laibulale ya sukulu, kwa ogulitsa mabuku akaunjika, kapena tumani wachibale amene ali ku Zomba kapena ku Blantyre.
- Filimu ya bukulo, yosungiratu mu foni, mu laputopu kapena pa flashi. Musadalire kuonera pa intaneti mwachindunji: netiweki ikadula pakati pa malo oopsa, chidwi chonse chimathera pomwepo.
- Ma subtitle a Chingerezi, chifukwa anthu m'mafilimu amenewa amakonda kunong'ona.
- Pawabanki kapena batire la sola lodzaza.
- Sipika yaing'ono. Mahedifoni asiyeni kaye.
- Mnzanu mmodzi kapena awiri, osati olongolola.
- Kope ndi cholembera.

## 1. Dziwani mantha amene mungapirire

Mantha onse si amodzi. Pali mafilimu a mizukwa ndi nyumba zosiyidwa, pali a chilombo chosaka anthu, pali a munthu wamba wa mtima woipa, pali a ziwanda, ndiye pali ongothira magazi. Otsirizawa aiwaleni, si poyambira ndipo ambiri alibe nkhani. Pa enawo dzifunseni moona mtima kuti ndi ati amene angakusowetseni tulo sabata yonse, muwaike kumapeto kwa mndandanda.

Chenjezo: kwa ambiri a ife nkhani za ziwanda ndi ufiti si zamasewera. Ngati chikhulupiriro chanu, kaya cha kumzikiti kaya cha kutchalitchi, sichikulolani kuonera zoterezi, zisiyeni ndi mtima umodzi. Mafilimu oopsa opanda chiwanda ngakhale chimodzi alipo ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi abwino kuposa a ziwandawo.

## 2. Sankhani buku ndi filimu yoyamba

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonyera, choncho tikhalitsapo. Mukufuna buku lalifupi, la nkhani yosazungulira, lomwe filimu yake imaopsa ndi zimene simukuziona osati ndi mabala. Atatu awa ndi amene ndimalangiza.

The Woman in Black. Analemba ndi Susan Hill, linatuluka mu 1983, ndipo lili ndi mitu 12 yokha. Loya wachinyamata, Arthur Kipps, atumidwa kuchokera ku London kukasanthula mapepala a mayi wina amene wamwalira. Nyumba ya mayiyo, Eel Marsh House, ili yokhayokha pakati pa dambo la m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kanjira kopitira kumeneko kamamira madzi akakwera, moti ukalowa sutuluka mpaka madzi ataphwa. Anthu a m'tauni yapafupi akudziwa kanthu koma palibe akufuna kuyankhula. Filimu yake ndi ya 2012, Daniel Radcliffe ndi amene anasewera Kipps, ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Ngati mizukwa simukuiwiringula, yambirani pano. Kwa ine palibe khomo labwino kuposa ili.

Jaws. Buku la Peter Benchley la 1974, filimu ya Steven Spielberg ya 1975. Shaki yaikulu, nsomba yolusa ya m'nyanja yamchere, ikupha anthu osambira pa chilumba china chodalira alendo, mkulu wa polisi akufuna kutseka gombe, koma meya akukana chifukwa nyengo ya alendo ndiyo imabweretsa ndalama. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'malo ogona alendo ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay aumva msanga mkangano umenewu. Muno mulibe mzukwa, mulibe chiwanda. Ena amati si filimu yoopsa kwenikweni koma ya ulendo wa panyanja. Aloleni anene, koma mphindi zoyambirira zokha zikuuzani zoona. Ndinene poyera kuti apa filimu inaposa buku: buku lili ndi nkhani ya chibwenzi cha mseri pakati pa mkazi wa mkulu wa polisi ndi katswiri wa nsomba, yomwe imangochedwetsa zinthu, ndipo filimu inaichotsa.

Misery. Buku la Stephen King la 1987, filimu ya Rob Reiner ya 1990. Mlembi wotchuka achita ngozi ya galimoto m'chipale chofewa, ndipo amupulumutsa ndi mayi wina yemwe kale anali namwino, Annie Wilkes, amene amakonda mabuku ake mopitirira muyezo. Nkhani pafupifupi yonse ikuchitikira m'chipinda chimodzi. Kathy Bates analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha mmene anasewerera mayiyu, ndipo mukaona nkhope yake ikusintha kuchoka pa kumwetulira kufika pa ukali mudzamvetsa chifukwa chake.

Chenjezo: pa Misery buku ndi lowawa kuposa filimu. Pali malo amodzi okhudza miyendo ya mlembiyo: m'filimu muli nyundo, m'buku muli nkhwangwa. Ngati simupirira za kuvulazana, lisiyeni likhale lachiwiri kapena lachitatu.

## 3. Werengani masana, mukulemba

Mitu iwiri patsiku yakwana. Werengani kukuwala, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, anthu akudutsa. Musaime pa liwu lililonse lachilendo kuti mutsegule dikishonale, chifukwa buku loopsa limafuna liwiro. Liwu likabwera katatu musakulimvabe, ndiye lifufuzeni.

M'kope lembani zinthu ziwiri: mayina a anthu ndi ubale wawo, komanso malo aliwonse amene mtima wanu unagunda. Musalembe zambiri, mzere umodzi basi. Mwachitsanzo, mu The Woman in Black muli pomwe Kipps akugona m'nyumba ija ndi kagalu kobwereka, dzina lake Spider. Pakati pa usiku kagalu kaimirira, ubweya uli nyankhalala, kakuyang'ana kukhomo. Kumapeto kwa kanjira ka m'nyumba kuli chitseko chokhoma, ndipo kuseri kwake kukumveka kugunda kwapansipansi kobwerezabwereza: gu, gu, kenaka zii, gu, gu. Palibe chimene Kipps waona, komabe inu owerenga tsitsi lakuimani. M'kope mungolemba kuti "galu, chitseko chokhoma, kugunda". Tsiku la filimu, mukadzangoona chitseko chimenecho, mudzakhala mutakonzeka.

Ngati Chingerezi cha buku chikukulemerani, musataye mtima. Mabuku akale otchuka alipo ofupikitsidwa m'Chingerezi chosavuta, monga Dracula ndi Frankenstein a mu Oxford Bookworms. Amene maso amatopa msanga angamvetsere mabuku akalewa pa LibriVox, pomwe anthu odzipereka amawawerenga mokweza mwaulere. Ndipo ngati nthawi yakuchepa, werengani ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a buku, lokwanira kudziwa anthu ndi malo.

Chenjezo: musapusitsidwe kuti buku silingaopse chifukwa lilibe zithunzi. Zithunzi mumajambula nokha m'mutu, ndipo mumazijambula ndi nyumba yanu yomwe, chitseko chanu chomwe. Kuwerenga usiku m'neti n'chimodzimodzi kuonera filimu usiku muli nokha.

## 4. Konzani filimu ndi malo

Yang'anani chaka cha filimu musanachoke pomwe mwaitenga. Mayina amafanana: The Woman in Black ilipo ina ya pa TV ya 1989 ndiponso yotsatira yake yomwe sinachokere m'buku mwawerengalo. Jaws ili ndi zotsatira zitatu, zonse zofooka poyerekeza ndi yoyamba. Tsegulani mphindi zitatu zoyambirira zokha, muone ngati chithunzi chili choyera ndiponso ngati ma subtitle akugwirizana ndi milomo. Mafilimu amenewa amachitikira mumdima, ndiye kope yosaoneka bwino imangokhala chikuda chokhachokha, inu n'kumadzidzimuka ndi phokoso osadziwa chachitika.

Pewani yomasuliridwa ndi DJ. Omasulira athuwa ali ndi luso, ndipo pa mafilimu a nkhondo ndi a karate amakometsadi zinthu. Koma filimu yoopsa imadalira bata, pomwe womasulira ntchito yake ndi kudzaza bata ndi mawu. Akangoponya nthabwala pamene munthu akuyandikira chitseko chija, zonse zimene mlembi ndi wokonza filimu anamanga zagwa.

Nthawi yabwino ndi Loweruka cha m'ma 3 koloko masana, kuti filimu ithe dzuwa lisanalowe. Tsekani makatani kuti chithunzi chioneke, koma chitseko chisiyeni chotsegula. M'miyezi ya mwera, pamene mphepo imagwedeza malata ndi kuliza mazenera usiku wonse, lamulo la masanali ligwiritsitseni kwambiri.

## 5. Onerani, dzanja lili pa voliyumu

Mantha ambiri a m'filimu amalowera kukhutu. Chidule chake n'chodziwika: nyimbo imakwera pang'onopang'ono, kenaka imaleka, pamakhala zii kwa kanthawi, ndiye phokoso lalikulu limaphulika pamodzi ndi chinthu chotulukira mwadzidzidzi. Mukangomva kuti nyimbo yaleka, tsitsani voliyumu ndi theka. Chinthucho chitulukabe, mudzidzimukabe pang'ono, koma mtima sudumphira kukhosi. Ichi n'chifukwa chake mahedifoni ndi oletsedwa ulendo woyamba.

Musatseke maso. Mukatseka, makutu amapitiriza kumva ndipo maganizo amajambula choopsa kuposa chimene chili pa sikirini. Yang'anani pakona ya chithunzi, muzionera m'mbali mwa diso. Musadumphitsenso filimu kutsogolo, chifukwa mukhoza kukagwera pakati penipeni pa malo amene mukuthawawo. Ngati zafika povuta, imitsani, imwani madzi, yang'anani m'kope muone pomwe nkhani yafika, kenaka pitirizani. Kuimitsa kamodzi kapena kawiri palibe cholakwika.

Mukamaonera Jaws tcherani khutu ku nyimbo ya John Williams, ya manotsi awiri obwerezabwereza. Ikayamba, shaki ili pafupi. Onaninso kuti kwa nthawi yaitali shakiyo simuiona bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti shaki ya makina yomwe anapanga inkawonongeka pafupipafupi m'madzi amchere, ndiye Spielberg anakakamizika kuionetsa kudzera m'zinthu zina: thabwa la pagombe likukokedwa, migolo yachikasu ikuyenda yokha pamwamba pa madzi. Vuto la makina ndilo linapangitsa filimuyo kukhala yoopsa chonchi.

Chenjezo: buku silikutetezani pa zonse. Opanga mafilimu amasintha zinthu. M'buku la Susan Hill, Kipps akupita ku nyumba ija ali mnyamata wotomera, ndipo nkhaniyo akuifotokoza atakula. M'filimu ya 2012 ndi bambo woferedwa mkazi, wa mwana mmodzi wamng'ono, ndipo mathero ake ndi ena. Buku likupatsani msewu waukulu, koma timakona tina mudzatipeza komweko.

## 6. Ikatha, musathamangire kukagona

Tulukani panja. Yendani ndi mnzanu uja mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi, muone asodzi akupalasa mabwato pa Shire, mugule chimanga chootcha, mumve phokoso la akabaza. Mukuyenda kambiranani: n'chiyani chimene filimu yasiya, n'chiyani yawonjeza, ndipo ndi pati pamene buku linaopsa kuposa filimu? Kukambirana kotere kumachotsa nkhaniyo pamtima n'kuipititsa kumutu, ndipo kumeneko siisowetsa tulo. Ndi pomwenso mumayamba kuona luso la ntchitoyi, osati mantha okha.

Chithunzi china chikakanirira m'maso, fufuzani mmene anachijambulira. Mukadziwa kuti panali anthu ambirimbiri kuseri kwa kamera, wina atanyamula nyale, wina akukoka chingwe, mphamvu yake imachepa.

Mawu amodzi kwa oonera Jaws: m'nyanja yathu mulibe shaki, nyanjayi ndi ya madzi opanda mchere. Koma ng'ona ndi mvuu za mu Shire ndi ku Malombe ndi zenizeni, ndipo mantha amenewo musawataye.

## 7. Kwerani pang'onopang'ono

Siyani sabata imodzi kapena ziwiri musanatenge ina. Mukaona kuti yoyamba ija simukuilota, pitani pa izi motsatana.

Dracula, buku la Bram Stoker la 1897. Linalembedwa ngati mulu wa makalata, madayale ndi zodula m'nyuzipepala, ndipo mitu inayi yoyambirira, pomwe Jonathan Harker akuzindikira pang'onopang'ono kuti m'nyumba ya Dracula, wopopa magazi, iye si mlendo koma mkaidi, ndi ina mwa mitu yokoma kwambiri m'mabuku onse oopsa. Pakati buku limazizira, pirirani. Mafilimu ake ndi ochuluka. Nosferatu ya 1922, yopanda mawu, inapangidwa ku Germany popanda chilolezo, mayina atasinthidwa. Mkazi wamasiye wa Stoker anakasuma, khoti linalamula kuti makope awonongedwe, koma ena anapulumuka, ndipo lero imapezeka mwaulere. Zoti wopopa magazi amafa ndi kuwala kwa dzuwa zinatchuka ndi filimu imeneyi. M'buku Dracula amayenda masana, mphamvu zokha ndi zimene zimachepa.

Psycho, buku la Robert Bloch la 1959, filimu ya Alfred Hitchcock ya 1960. Apa pokha lamulo litembenuzeni: yambani filimu, buku pambuyo. Nkhaniyi yagona pa chinsinsi chimodzi, ndipo Hitchcock anachiteteza mpaka kulamula kuti wochedwa asalowe m'holo filimu ikayamba. Ndi yakuda ndi yoyera, ndipo magazi a pa malo otchuka a m'bafa anali madzi a chokoleti. Mukadzawerenga buku mudzapeza kuti Norman Bates, mwini malo ogona alendo a m'nkhaniyi, ndi bambo wonenepa wa zaka za m'ma 40, wokonda kumwa, pomwe m'filimu Anthony Perkins ndi mnyamata wowonda, waulemu, woti mungamumvere chisoni. Kusintha kumeneko kokha kungakutengereni madzulo onse mukukambirana.

The Shining, buku la Stephen King la 1977, filimu ya Stanley Kubrick ya 1980. Bambo wina walembedwa ntchito yoyang'anira hotela ya kumapiri nyengo yozizira, alendo onse atachoka, ndipo wapita ndi mkazi wake ndi mwana wawo. Buku likukulowetsani mumtima mwa bamboyo, munthu wolimbana ndi mowa ndi ukali wake, wokonda mwana wake koma akugonja pang'onopang'ono. Filimu ikumuonera patali, mozizira. King mwiniwake ananena poyera kuti sanakondwe nayo. Werengani, onerani, muweruze nokha. Ine mbali ya bamboyo ndimaimva bwino m'buku, koma makonde aatali a hotela ija, mwana akupalasa kanjinga kake yekhayekha, ndi a Kubrick basi.

The Exorcist, buku la William Peter Blatty la 1971, filimu ya William Friedkin ya 1973, ikhale yomaliza, ngati mungaifune n'komwe. Ndi ya mtsikana wa zaka 12 wogwidwa ndi chiwanda, ili ndi mawu otukwana ndi zinthu zonyoza zopatulika, ndipo si yoonera pabanja.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kuyamba ndi buku lalikulu. Ambiri amathamangira It ya Stephen King chifukwa filimu yake ya 2017 inatchuka, koma bukulo limapitirira masamba 1,000. Mudzatopa musanafike pakati, n'kuganiza kuti njira yonseyi ndi yosathandiza.

Kuwerenga chidule cha nkhani pa intaneti m'malo mwa buku. Chidule chimakuuzani amene afe ndi amene apulumuke, koma sichikupatsani nthawi yokhala ndi anthuwo. Mumataya chinsinsi osapindula kanthu.

Kuonera ana ali pomwepo. Mwana amene akuoneka ngati akusewera pansi amakhala akuona zonse. Musadalirenso maonekedwe kapena nambala ya zaka yokha. Coraline ya 2009, yochokera m'buku la Neil Gaiman la 2002, imaoneka ngati katuni wamba wa zidole, koma muli mayi wa maso a mabatani amene amasowetsa tulo ana aang'ono. The Woman in Black ku Britain anaiika pa mlingo wa zaka 12, komabe anthu ambiri anadandaula kuti inali yoopsa kwambiri kwa ana a msinkhu umenewo. Ionereni nokha kaye musanaganize zoonetsa mwana.

Kuonetsa za opopa magazi kwa anthu osafotokozeredwa. Ili ndi lofunika kulisamala kwambiri kwathu kuno. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Dracula ndi nkhani yopeka ya mlembi wa ku Ireland. Musadule kachidutswa ka filimu yotere n'kukatumiza m'magulu a WhatsApp popanda kunena kuti ndi filimu, chifukwa simudziwa kumene kakathere.

Kuopseza mnzanu pakati pa filimu. Kumugwira phewa mwadzidzidzi kumaoneka ngati nthabwala, koma munthu amene anadalira inu kuti mukhale naye sadzabweranso.

Kudzikakamiza pa nthawi yolakwika. Ngati mwangoferedwa kumene, makamaka mwana, The Woman in Black isiyeni, chifukwa nkhani yake yonse yazungulira pa imfa za ana. Ngati muli ndi vuto la mtima kapena mumavutika kale ndi maloto oipa, funsani kaye achipatala. Ndipo ngati mwatsata zonsezi koma padutsa masiku angapo musakugona bwino, bwererani pa mabuku okha kwa mwezi umodzi, ndipo filimu yotsatira idzakhale ya chilombo kapena ya munthu, osati ya mizukwa.